Kamlatho ka a Gherasim

Msewu wokwera kwathu ku Malina uli ndi nyengo ziwiri basi, ya fumbi ndi ya matope. Ya fumbi sitidandaula nayo. Koma mvula ya mu Okutobala ikangoyamba, dothi lofiira la paphiri lija limasanduka phala, ndipo galimoto iliyonse imaima kumunsi, pamtengo wa maplamu pomwe phula la boma limathera. Kuchoka pamenepo ndi ngolo ya hatchi kapena mapazi ako.

Munthu amene msewuwu unkamudya moyo kuposa tonse anali a Gherasim, kalipentala wathu wakale. Akazi awo, a Saveta, impso zinali zitasiya ntchito, ndipo katatu pa sabata galimoto ya chipatala inkabwera kudzawatenga kuti akatsukidwe magazi pa makina. Nyengo ya matope yapitayo a Gherasim ankawagoneka pa udzu m'ngolo n'kutsika nawo mpaka pamtengo paja, mayiwo akubuula pa bampu iliyonse. Sabata ina ngakhale hatchi inakana, a Saveta n'kutupa miyendo mpaka nkhope. Mwana wawo Ilinca, amene amagwira ntchito mumzinda, atamva zimenezo sanazungulire.

"Ababa, phula likapanda kufika mvula isanayambe, amayi ndidzawatenga. Malo m'nyumba muno alipo a munthu mmodzi, inunso mukudziwa."

Ankadziwa. Nyumba ya Ilinca ndi kachipinda kam'mwamba, momwe mwamuna wake ndi ana awiri amapondana kale. Komanso ng'ombe, hatchi ndi nkhuku akanasiyira ndani? Chikwatiranireni, a Gherasim ndi a Saveta anali asanagonepo madenga osiyana, ndipo mkuluyu ankaopa kutsala yekha kuposa momwe ankaopera imfa.

Ndiye a Meya ataitanitsa msonkhano wa misewu kumayambiriro kwa chilimwe, a Gherasim anavala jekete la kutchalitchi n'kukakhala kutsogolo. Pambali pawo panali a Zamfir, mnansi wawo, mwini thirakitala yokhayo ya ku Malina komanso mwini pakamwa posatseka.

A Meya anati ndalama zapezeka, koma za msewu umodzi wokha, wa ku Malina kapena wa ku Bradet, mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Anati chaka chino kulibe zokondera, chifukwa eni ndalamazo ali kutali ndipo sadziwa msuweni wa munthu. Iwo amangofuna mapointi. Sukulu ili ndi mapointi ake, tchalitchi chili ndi ake, chiwerengero cha anthu chilinso ndi ake, koma pa zonsezo midzi iwiriyi inali yofanana. Chotsala chinali chimodzi, msewu womwe pamadutsa magalimoto ambiri.

"Adzabwera owerenga ochokera kuchigawo," anatero a Meya. "Adzawerenga masabata awiri."

"Liti?" anafunsa a Gherasim.

"Sanena. Akanena, nonse mudzabwereka magalimoto a apongozi anu."

"Nanga ngolo ya hatchi amawerenga?"

A Meya anayang'ana mlembi wawo, mlembi anayang'ana kudenga. "Chilichonse cha mateyala," anatero a Meya.

"Wilibala?" anafunsa a Zamfir.

"A Zamfir, khalani pansi."

"Ndikufunsa chifukwa a Gherasim ali nazo ziwiri, bwana."

Anthu anaseka, koma a Gherasim sanaseke. Anatuluka m'holomo mutu utadzaza ndi mapointi, atagwira chinthu chimodzi chokha: kudzabwera munthu, adzakhala m'mbali mwa msewu, ndipo adzawerenga.

Apa ndiyenera kunena za mapayipi, chifukwa wosakulira kwathu sangamve. Ku Malina zitsime zimauma chilimwe chikafika pakati. Madzi amatsala pa kasupe wa kumtunda kwa msewu, pomwe madimba ambiri ali kumunsi kwake, choncho aliyense amakoka payipi yake kudutsa pamsewu. Kalekale ngolo ya munthu wina inaphwanya payipi ya mnzake, kabichi yense n'kuuma, ndipo mabanja awiriwo sanapatsane moni mpaka onse olakwirana atalowa m'manda. Kuyambira pamenepo payipi ya mwini sitiiponda. Ukaipeza umatsika, n'kuyala matabwa, kapena kuzungulira. Mwana wa ku Malina amaphunzira zimenezi asanaphunzire kumanga nsapato.

Tsiku lina mu Julaye, anthu onse ali kodula udzu, pamsewu panaoneka payipi yachilendo. Inali yakuda, yopyapyala, ya mphira, yokhomeredwa pansi mbali zonse, cha kumtunda pang'ono kwa mtengo wa maplamu. Mbali imodzi inali yotsekeka, ina inalowa m'kabokosi kachitsulo komangidwa ndi tcheni kumtengowo. Palibe amene anaona woiika.

"Ndi madzi," anatero a Zamfir. "Boma lakumbuka kuti timamwa."

"Madzi opita kuti? Kunoku n'kotseka," anatero a Gherasim atagwada.

"Ndiye ndi gasi."

"Gasi m'kapayipi ngati chala?"

"Achimwene, ine ndine wa thirakitala. Funsani amene amadya misonkho yathu."

A Gherasim anafunsadi. Mlembi wa khonsolo anati afunse a zamadzi. A zamadzi anati iwo ku Malina alibeko kanthu, afunse a zamagetsi. A zamagetsi sanayankhe foni. Pomaliza anakumana ndi a Meya akutuluka m'sitolo, ndipo zinaonekeratu kuti nawonso akumva koyamba. Koma meya sanena kuti sakudziwa.

"Ngati ili ndi tcheni ndi loko, ndi ya boma," anatero a Meya motsitsa mawu. "Pali zinthu zikubwera, a Gherasim, sindingaulule zonse. Chachikulu muisamale. Ikawonongeka adzati anthu a ku Malina ndi osathokoza, ndipo chaka chino tikufuna mbiri yabwino."

Mawu amenewo anawalowa a Gherasim mpaka m'mafupa. Tsiku loyamba lija anthu anali atazungulira payipiyo kudzera m'munda wa chimanga wa mayi Paraschiva, ngakhale woyendetsa galimoto ya chipatala anamulozera komweko, ndipo mayiwo anali atayamba kale kutukwana mibadwo ya aliyense. Panafunika njira ina. Madzulo ake a Gherasim anakwera m'denga n'kutsitsa matabwa a thundu omwe anakhala akuumitsa zaka zambiri.

A Saveta anawayang'ana ali pa mpando wawo wa pakhonde. "Bambo a Ilinca, amenewo si matabwa a bokosi lanu?"

"Ndi omwewo."

"Ndiye tidzakuikani m'chiyani? M'thumba la mbatata?"

"Boma likutipatsa phula, mwinanso madzi. Ndikufulumira chiyani kufa?"

Kwathu munthu wamkulu amasunga matabwa ake a maliro monga wina amasungira suti, ndipo sawabwereketsa. Koma a Gherasim anawapala, n'kuwadula, n'kumanga kamlatho kotambalala kuchoka mbali ina ya msewu kufika ina, kokwera pang'onopang'ono n'kutsika chimodzimodzi, kosiya mpata pansi kuti payipi ipume. Sikankagwedera ngakhale pang'ono. Thirakitala ya a Zamfir inadutsapo itasenza udzu, payipi osakhudzidwa n'komwe. Wansembe wathu anaima n'kuyamikira, ndipo a Gherasim anapita kunyumba mtima uli m'malo.

Chomwe chinkawasowetsa tulo chinali wowerenga uja. M'mawa uliwonse ankatsika mpaka pamtengo kukayang'ana munthu wokhala pa mpando, koma kunalibe mpando, kunalibe munthu. Kodi anayambira ku Bradet? Kodi anabisala m'nkhalango? Kodi anawerenga kale tsiku lomwe aliyense anali kumaliro, msewu uli zii?

Kenako anamuona. Anali bambo wonenepa wa chipewa cha mlaza, atakhala pamwala m'mphepete mwa nkhalango, dengu lili pambali, akudya buledi uku akudinadina foni yake. Sanali wa kwathu, ndipo nsapato zake zinali za mumzinda. A Gherasim anathamanga ngati mnyamata kukagogoda kwa a Zamfir.

"Wabwera! Lizani thirakitala!"

Tsiku limenelo msewu wa ku Malina unaona zomwe sunaonepo. Thirakitala inatsika n'kukwera, n'kutsikanso, a Zamfir akusintha chipewa ulendo uliwonse kuti aoneke ngati munthu wina. Ngolo zonse zinatuluka. Wansembe anatulutsa galimoto yake yakale yomwe imalira pokhapokha ikakankhidwa. Mayi Paraschiva anaiwala za chimanga chawo n'kudutsa ndi wilibala yopanda kanthu, nkhope ili gwa ngati akupita kukhoti. Onsewo ankakwera bwinobwino pa kamlatho ka a Gherasim n'kutsikira mbali inayo.

Masana a Gherasim anamupititsira mlendoyo tchizi cha nkhosa ndi kabotolo ka kachasu wa maplamu.

"Bwana, mwatopa ndi ntchito. Msewu wathuwu ndi wotanganidwa, mwadzionera nokha."

Bamboyo anayang'ana tchizi, n'kuyang'ana thirakitala yomwe inkabweranso. "Pepani, bambo, ine ndangobwera kudzazula bowa."

"Eee, bowa," anatero a Zamfir atatsika, akutsinzinira a Gherasim diso. "Tamva, bwana. Ifenso sitiuza munthu."

"Ndikunena zoona. Taonani m'dengumu."

"Mpaka bowa weniweni! Boma likafuna kubisa chinthu limabisadi."

Mlendoyo anamwa kachasuyo, mwina poopa kuti akakana anthu amisalawa amuchita kanthu. Anabweranso kawiri sabata imeneyo, chifukwa bowa analipodi wambiri, ndipo ulendo uliwonse mudzi wonse unkasiya ntchito n'kuyamba kuzungulira. Ng'ombe zinkakamidwa mochedwa, mafuta a thirakitala anatha. Kenako bamboyo anasiya kubwera, ndipo m'mawa wina payipi ija ndi kabokosi kake zinapezeka kuti palibe, zachoka mwakachetechete monga zinabwerera. Madzi sanabwere, gasi sanabwere. A Gherasim zinawadabwitsa, koma anati za boma zimayenda choncho, ndipo kamlathoko anakasiya pompo podikira kuti mwina payipiyo ibweranso.

Zotsatira zinalengezedwa mu Sepitembala, m'holo yomwe ija. Kuchigawo kunabwera injiniya, mayi wachitsikana dzina lake Otilia, wolankhula mofatsa, ndi makina oonetsa zithunzi pakhoma. Anthu a ku Malina anakhala mbali imodzi atavala bwino, akumwetulira a ku Bradet mowamvera chisoni.

Mayi Otilia anati msewu wa ku Bradet ndi womwe ulandire phula. Anati kumeneko magalimoto si ambiri kwenikweni, koma alipo. "Pomwe ku Malina," anatero akuyang'ana pepala lawo ngati akulikayikira, "masabata awiri onse sikunadutse kanthu. Kuofesi tinafika pofunsana ngati kumakhalabe anthu."

A Gherasim anaimirira.

"Mayi, pepani. Mwati sikunadutse chiyani?"

"Chilichonse, bambo. Ngakhale njinga."

"Galimoto ya chipatala imabwera kwanga katatu pa sabata. Thirakitala ya awa inatha mafuta pamsewu womwewo. Munthu wanuyo anationa ndi maso ake!"

"Munthu uti?"

"Wowerenga! Wachipewa cha mlaza, wa dengu."

"Kapena kachasu uja tinamuchulutsira," anatero a Zamfir chapansipansi.

Mayi Otilia anayang'ana a Meya, a Meya anayang'ana mlembi. "Bambo, ife sitituma munthu," anatero mayiwo. "Tinasiya kalekale. Timaika ichi."

Anadina makina aja, ndipo pakhoma panaoneka chithunzi chachikulu cha payipi yakuda, yopyapyala, yolowa m'kabokosi kachitsulo.

"Teyala likaponda payipiyi, mpweya umakankha m'kabokosimo, kabokosiko n'kuwerenga. Basi."

A ku Malina onse anaweramitsa mitu nthawi imodzi, ngati wansembe wayamba pemphero. A Gherasim okha ndi amene anatsala chiimire, akuyang'ana khoma. Mawuwo anawamva onse, koma ankakana kulumikizana m'mutu mwawo.

"Ndiye kuti... imayenera kupondedwa?"

"Inde, bambo."

"Dala?"

"Ndiyo ntchito yake."

"Payipi ya mwini, kuiponda dala, ndi thirakitala?"

"Siiphwanyika. Anaipangira zimenezo." Mayiwo anaima kaye, chifukwa anaona kuti nkhope za mbali imeneyo sizili bwino. "Kodi chinachitika n'chiyani?"

Mayi Paraschiva ndi amene anayankha, mokweza monga amalankhulira nthawi zonse: "Anaimangira mlatho. Wabwino zedi, wa thundu."

A ku Bradet anayesa kudzigwira, koma mmodzi anaphulika, ena onse n'kutsatira, mpaka wina anatuluka panja atagwira m'mimba. Mayi Otilia sanaseke. Anati anyamata omwe anakachotsa payipiyo anatchuladi za kamlatho kokongola, koma ankayesa kuti anzawo oika aja anakapeza pomwepo. Oika ndi ena, ochotsa ndi ena, owerenga zotuluka m'kabokosi ndi enanso, ndipo palibe amene anafikapo ku Malina kawiri.

"Ndiye bweretsaninso," anatero a Gherasim. "Mawa lomwe. Kamlathoko ndikaphwasula ndi manja angawa. Tidzaiponda mpaka mudzatiletse."

"Bambo, mapepala anapita kale kulikulu, ndipo anasainidwa. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanabweza, koma ndalama zimenezi zili ndi tsiku lotsekera, ndipo linadutsa."

"Nanga zina zidzabwera liti?"

"Mwina pakatha zaka zitatu, mwina zinayi. Mukhoza kulemba dandaulo."

"Kwa ndani?"

Mayiwo anatchula ofesi ina, a Meya anati ayi, imeneyo inaphatikizidwa ndi ina, mlembi anati dandaulo limayamba ladutsa kukhonsolo, ndipo atatuwo anayamba kukambirana okhaokha. A Gherasim anatembenukira kwa a Meya.

"Bwana, si inu munati tiisamale?"

"Ndinati muisamale, a Gherasim. Sindinati muimangire nyumba."

Pobwerera palibe wa ku Malina amene anadzudzula a Gherasim. Akanawadzudzula bwanji, poti aliyense akanachita chimodzimodzi akanakhala ndi matabwa? Ngakhale a Zamfir anayendetsa thirakitala njira yonse osatsegula pakamwa, ndipo zimenezo zinawapweteka a Gherasim kuposa kuseka kwa a ku Bradet. Masiku otsatira ankangoyendayenda pabwalo akulankhula okha. Anachita zomwe bambo awo anawaphunzitsa, anachita zomwe a Meya ananena, anapereka matabwa a bokosi lawo. Ankafufuza pomwe analakwitsa, ndipo ulendo uliwonse ankapeza kuti palibe, koma msewu unali utapita ku Bradet.

A Saveta nkhaniyi anaimva tsiku lomwelo, poti ku Malina nkhani siigona panjira, koma sanaitchule. Anangoyamba kupinda zovala zawo pang'onopang'ono, n'kumawaonetsa amuna awo pomwe pamakhala mchere, ndi nkhuku yomwe imaikira kuseri kwa nkhuni.

Mvula inayamba sabata yachiwiri ya Okutobala. Loweruka lake Ilinca anaimba foni kuti wafika, ali pamtengo wa maplamu, galimoto singakwere. A Gherasim anayala udzu m'ngolo, pamwamba pake mabulangete, n'kuwanyamula akazi awo monga ankachitira chaka chatha. Anali opepuka kuposa chaka chatha. Sutikesi anaiika kumapazi, n'kufunditsa zonse ndi lona.

Anatsika pang'onopang'ono. Hatchi inkaterereka, mateyala ankalowa m'maenje n'kutuluka mogwedeza, ndipo pa bampu iliyonse a Gherasim ankamva kabuulo kakang'ono kumbuyo kwawo. Sanacheuke. Kumunsi ankaona kale galimoto yoyera ya Ilinca, ndi Ilincayo ataima ndi ambulera.

Kenako mateyala anakwera pa matabwa, ndipo kugwedeza konse kunaleka.

"Taimani kaye," anatero a Saveta.

A Gherasim anakoka zingwe. Ngolo inaima pakati pa kamlatho, mvula ikugogoda pa lona.

"Mwaiwala kanthu?"

"Ayi. Ndikufuna ndipume pang'ono. Msewu wonsewu, pano pokha ndi pomwe msana wanga sumva kuwawa." Anatulutsa dzanja pansi pa lona n'kugwira mkono wa jekete la amuna awo. "Munamanga bwino, bambo a Ilinca."

A Gherasim anacheuka kuti aone ngati akuwaseka, poti mayiwa moyo wawo wonse anali onyogodola. Sanathe kudziwa. Maso a a Saveta anali onyowa, koma mvula inali paliponse. Mkuluyo anafuna kunena kuti adzalemba dandaulo lija, kuti zaka zitatu si zambiri, koma onse awiri ankadziwa zomwe adokotala ananena za zaka zomwe zinawatsalira a Saveta.

"Ng'ombe muziikama nthawi yake," anatero a Saveta. "Tiyeni, mwana akunyowa."

Ilinca anawalowetsa amayi ake m'galimoto, n'kuwapsompsona bambo ake masaya onse awiri, n'kunena kuti adzabwera nawo pa Khirisimasi msewu ukalola. Galimoto inatembenuka pa phula n'kupita. A Gherasim anaima pamtengopo mpaka phokoso lake litatha, kenako anatembenuza hatchi.

Msewu pamenepo ndi wotakata, ndipo chimanga cha mayi Paraschiva chinali chitakololedwa, moti ngolo yopanda katundu ikanatha kudutsa paliponse. Pansi pa matabwa panalibe payipi, munkangoyenda madzi ofiira a mvula. Komabe manja a a Gherasim anawongola zingwe okha, hatchi inachepetsa liwiro monga inazolowera, ndipo ngolo inakwera pa kamlathoko mosamala, teyala lililonse pamalo pake, n'kutsikira m'matope a mbali inayo.